Chizungulire cha m'khutu: zoyenera kuchita kuyambira tsiku loyamba mpaka kubwerera ku ntchito

Chizungulire si matenda amodzi, ndipo amene akufuna kuthana nacho ayenera kuyamba wadziwa mtundu wa chizungulire chimene chikumusautsa, chifukwa chithandizo chimene chimathetsa mtundu wina m'mphindi zowerengeka sichiphula kanthu pa mtundu wina. Malangizo awa ndawalembera anzathu okhala muno mu Harare, kaya ndi ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku kapena Epworth, kumene ambiri timadya za manja athu ndipo kugona pabedi tsiku limodzi n'kugona ndi njala. Malangizowa salowa m'malo mwa dokotala, koma akuthandizani kudziwa nthawi yothamangira kuchipatala, zokanena mukafika kumeneko, ndi zimene mungachite nokha pakhomo.

Kuseri kwa nembanemba ya m'khutu, m'kati mwa fupa la chigaza momwe chala kapena kamtengo sizingafike, muli timachubu titatu topindika todzaza ndi madzi, ndiponso timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala ta kashiamu tating'ono kwambiri. Mukatembenuza mutu, madzi a m'timachubu tija amasuntha, ndipo mtsempha umauza ubongo mbali imene mutu walowera. Ubongo umayerekezera uthenga wa khutu lamanja ndi wa khutu lamanzere, n'kuuphatikiza ndi zimene maso akuona komanso zimene mapazi akumva pansi. Khutu limodzi likayamba kunena zosiyana ndi linzake, ubongo umakhulupirira kuti mukuzungulira pamene muli phee, maso amayamba kugwedezeka okha, kenako nseru ndi thukuta zimatsatira.

Choyamba, tetezani thupi kuti lisagwe

Chizungulire cha m'khutu pachokha sichipha munthu, koma kugwera pambaula, pamasitepe kapena mumsewu n'kumene kumavulaza. Chikakugwirani khalani pansi pomwepo, musayese kuti mukafike kaye pampando. Ngati mwabereka mwana, gwadani n'kumutsitsa muli pansi, ndipo ngati mwasenza ndowa ya madzi ilekeni igwe, madzi mudzatunganso. Mutu ukhale malo amodzi ndipo maso ayang'ane chinthu chimodzi chosasuntha, monga chogwirira cha chitseko. Ngati mukusanza, gonani chammbali osati chagada, ndipo nseru ikachepa yambani kumwa madzi pang'onopang'ono. Woyendetsa galimoto aimike pambali nthawi yomweyo ndipo asapitirize ulendo tsiku limenelo.

Chachiwiri, onani ngati pali zizindikiro zoopsa

Sitiroko ya kumbuyo kwa ubongo imatha kuyamba ndi chizungulire chofanana ndi cha m'khutu, choncho munthu amene ali pafupi ndi wodwalayo ayang'ane zinthu izi popanda kuchedwa. Kodi pakamwa papindikira mbali imodzi? Kodi mawu akutuluka molemera ngati a munthu woledzera, kapena kumeza kukuvuta? Kodi akuona zinthu ziwiriziwiri? Kodi mkono kapena mwendo wafooka kapena wachita dzanzi? Kodi akulephereratu kuima kapena kukhala tsonga popanda womugwira? Kodi mutu wayamba kupweteka mwadzidzidzi mwa mtundu umene sanaumvepo? Chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira kupeza galimoto ndi kupita kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kumene ambiri timangoti ku Gomo, kapena ku Chitungwiza Central, ngakhale pakati pa usiku. Lembani ola limene zinayamba, chifukwa madokotala adzalifunsa. Akuluakulu amene ali ndi BP, shuga kapena matenda a mtima, komanso osuta fodya, asamangopumitsidwa pakhomo ngati chizungulire champhamvu chawagwira koyamba ndipo sichikusiya.

Palinso zina zosayenera kugona nazo. Khutu limodzi likagontha mwadzidzidzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa wake, popeza mankhwala amene angabwezeretse kumva amagwira bwino ntchito m'masiku oyambirira. Chimodzimodzi ngati khutu lakhala likutuluka mafinya kwa nthawi yaitali kenako chizungulire n'kuyamba, ngati thupi latentha ndipo khosi lauma, ngati munamenyetsa mutu posachedwapa, kapena ngati mwakomoka kapena kumva kupweteka pachifuwa.

Chachitatu, yezani nthawi ndipo lembani

Ngati zoopsa zija palibe, ntchito imene yatsala ndi yoyang'anitsitsa, ndipo apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Yambani ndi kudzifunsa ngati nyumba ikuzunguliradi, kapena mukungomva mdima m'maso ndi kufooka ngati mukomoka. Mdima wa m'maso umene umabwera munthu akadzuka mofulumira kawirikawiri si wa m'khutu. Umachokera ku kutsika kwa BP, kuchepa kwa madzi m'thupi makamaka dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo, njala, kutsika kwa shuga, kapena kuchepa kwa magazi, kumene kumavuta kwambiri amayi oyembekezera ndi amene amataya magazi ambiri akakhala kumwezi. Zimenezi amaziyeza pakiliniki ndipo chithandizo chake n'chosiyana ndi zimene zikutsatira apa.

Ngati nyumba ikuzunguliradi, funso lalikulu n'lakuti imazungulira kwa nthawi yaitali bwanji ndipo chimayambitsa n'chiyani. Mtundu umene umapezeka kwambiri ndi umene madokotala amaufupikitsa kuti BPPV. Timiyala tija timathothoka m'kathumba kake n'kulowa m'kachubu kena, nthawi zambiri ka kumbuyo, ndipo mutu ukapendekeka timayenda m'madzimo n'kunamiza ubongo. Chizungulire chake chimabwera mukatembenuka pabedi, mukagona, mukadzuka, mukawerama kapena mukayang'ana kumwamba monga poyanika zovala pachingwe, ndipo sichipitirira mphindi imodzi mutu ukakhazikika. Kumva sikusintha. Matendawa amakonda anthu opitirira zaka 50, amayi kuposa abambo, ndi amene anamenyetsa mutu kapena kugona pabedi nthawi yaitali chifukwa cha matenda ena.

Mtundu wina ndi matenda a Ménière, otchedwa dzina la Prosper Ménière, dokotala wa ku France amene mu 1861 anafotokoza kuti chizungulire choterechi chimachokera m'khutu osati mu ubongo. Chimagwira munthu kwa mphindi 20 mpaka maola 12, ndipo chimabwera limodzi ndi kulira kwa khutu, kumva ngati khutu ladzaza, ndi kugontha kumene poyamba kumabwera n'kumapita. Ndiye pali kutupa kwa mtsempha wa m'khutu, kumene kawirikawiri kumayamba ndi kachilombo ka vairasi, nthawi zina pambuyo pa chimfine. Uku kumagwetsa munthu kamodzi kwa masiku angapo, akusanza ndi kudzandira ngakhale mutu uli phee, kenako kumachepa pang'onopang'ono m'masabata otsatira. Pomaliza pali chizungulire cha mutu waching'alang'ala, chimene chimatha kutenga mphindi zochepa kapena mpaka masiku atatu, wodwala akudana ndi kuwala ndi phokoso, ndipo nthawi zina mutuwo osapweteka n'komwe.

Gulani kope laling'ono. Nthawi iliyonse lembani tsiku, ola, chimene mumachita, mbali imene munatembenukira, zimene khutu linachita, ndi utali wa nthawi. Pa utali wa nthawipo samalani kwambiri. Munthu akafunsidwa amayankha kuti chizungulire chinamugwira tsiku lonse, pamene kuzungulira kwenikweni kunatenga masekondi 20 pamene amadzuka m'mamawa, ndipo chimene chinatsala tsiku lonse ndi nseru, kulemera kwa mutu ndi mantha. Yankho loyamba lingam'patse mapiritsi osafunika, pamene lachiwiri lingachititse kuti achiritsidwe tsiku lomwelo. Pemphani mwana kapena mkazi wanu awerenge masekondi pafoni pamene inu mukunena kuti chayamba ndi kuti chasiya.

Chachinayi, pitani kukayezedwa mutakonzeka

Yambirani pa polyclinic ya khonsolo imene muli nayo pafupi kapena kwa dokotala wanu, ndipo ngati pakufunika katswiri wa makutu, mphuno ndi pakhosi akupatsani kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Tengani kope lija ndi mankhwala onse amene mukumwa, m'mapaketi mwake, kuphatikizapo ogula nokha ndi azitsamba. Majakisoni a gentamicin, streptomycin, kanamycin ndi amikacin, ena mwa iwo amene akhala akugwiritsidwa ntchito pa TB, amatha kuwononga m'kati mwa khutu, ndipo ngati munabayidwapo nenani ngakhale papita zaka. Kwinini amaliritsa makutu, efavirenz wa mu ma ARV ena amachititsa chizungulire makamaka m'masabata oyamba, ndipo mankhwala a BP amatha kuitsitsa mopitirira. Komabe musasiye nokha mankhwala a TB, ma ARV kapena a BP, chifukwa kusintha kwake amachita ndi dokotala.

Ngati nkhani yanu ikufanana ndi BPPV, dokotala adzakukhazikani pabedi loyezera, kukutembenuzani mutu mbali imodzi, n'kukugonekani chagada mofulumira mutu utalendewera pang'ono, iye akuyang'ana m'maso mwanu. Njira imeneyi anailemba Margaret Dix ndi Charles Hallpike ku London mu 1952, ndipo mpaka lero sifuna makina alionse. Chizungulire chibwera ndithu, koma musatsinzine, chifukwa kugwedezeka kwa maso n'kumene kumauza dokotala khutu limene lili ndi vuto ndi kachubu kake. Musatuluke m'chipindamo musanafunse kuti ndi khutu liti, ndipo yankho lake mulilembe m'kope. Amene khutu lawo limalira kapena kugontha apemphe kuyezedwa kumva. Anthu ambiri a chizungulire cha m'khutu safunika kujambulidwa mutu ndi makina odula, ndipo dokotala akanena kuti sikofunika si kuti wakunyozani.

Chachisanu, kubwezera timiyala m'malo mwake

Gawo ili ndi la okhawo amene anauzidwa kuchipatala kuti ali ndi BPPV ya kachubu ka kumbuyo ndipo akudziwa khutu lake. Njirayi imatchedwa dzina la John Epley, dokotala wa makutu wa ku Portland ku America amene anaifalitsa mu 1992. Cholinga chake ndi kupendeketsa mutu pang'onopang'ono kuti timiyala tidutse m'kachubu monse n'kubwerera m'kathumba, monga mmene munthu amapendeketsera botolo kuti kamwala kamene kali m'kati katulukire pakamwa pake. Ndi bwino kuti nthawi yoyamba akuchiteni dokotala kapena wa mafizo, inu muone mmene zimakhalira. Amene ali ndi vuto la khosi kapena la msana, amene anadwalapo sitiroko, ndi amene achitidwa opaleshoni ya diso posachedwapa asachite okha asanafunse.

Tiyerekeze kuti vuto lili ku khutu lamanja. Khalani pakati pa bedi mutatambasula miyendo, munthu wina ali pambali panu ndi beseni pafupi. Ikani mtsamiro kumbuyo kwanu pamalo oti mukagona ukhale pansi pa mapewa, osati pansi pa mutu. Amene amagona pamatiresi a pansi kapena pamphasa apinde bulangete lokhuthala, zimatheka chimodzimodzi. Tembenuzirani mutu kumanja madigiri 45, ndiko kuti pakatikati pa kuyang'ana kutsogolo ndi kuyang'ana paphewa. Mutu uli chitembenukire choncho, gonani chagada mofulumira kuti mapewa atsamire pamtsamiro ndipo nkhongo ipendekere kumbuyo n'kukhudza matiresi. Chizungulire chibwera, mwina champhamvu, ndipo chimenecho n'chizindikiro chakuti timiyala tayamba kuyenda, choncho musadzuke. Dikirani mpaka chithe, ndipo musasunthe masekondi 30 asanakwane.

Kenako, popanda kudzutsa mutu, utembenuzireni kumanzere mpaka ufike madigiri 45 mbali imeneyo, n'kudikiranso masekondi 30. Apa ambiri amanyamula mutu osadziwa, ndiye wothandizayo aike dzanja pamphumi mopepuka kuti nkhongo isachoke pamatiresi. Mukatero, tembenuzani thupi lonse kuti mugonere mbali ya kumanzere, mutu ukupitirira kutembenuka mpaka mphuno iloze chapansi, ndipo mudikirenso masekondi 30 kapena mpaka kuzungulira kuthe. Pomaliza tsitsirani miyendo kumbali ya bedi n'kudzuka pang'onopang'ono mutaweramitsa chibwano pang'ono, ndipo khalani pamenepo mphindi zingapo wothandiza atakugwirani phewa. Ngati vuto lili ku khutu lamanzere, zonsezi muzichite mosinthanitsa mbali.

Mungabwereze katatu patsiku mpaka mutatha usana ndi usiku wathunthu popanda chizungulire, kenako musiye. Kumva mutu wopepuka kapena kudzandira pang'ono kwa masiku angapo pambuyo pake si chachilendo. Koma sabata ikatha popanda kusintha, kapena zikafika poipa, bwererani kuchipatala, chifukwa mwina timiyala tili m'kachubu kena kamene kamafuna njira ina, kapena matendawo si amenewa.

Chachisanu ndi chimodzi, mapiritsi akhale a masiku ochepa

Mapiritsi ochepetsa chizungulire ndi nseru, monga prochlorperazine amene ambiri amamudziwa kuti Stemetil, cinnarizine wogulitsidwa ngati Stugeron, ndi promethazine, amathandiza m'masiku awiri kapena atatu oyamba pamene munthu akusanza osatha kudzuka. Kupitirira apo amayamba kuwononga, chifukwa amagonetsa mbali ya ubongo imene ikuyenera kuphunzira kuyenda ndi khutu lofooka. Sabwezera timiyala m'malo mwake, amabweretsa tulo masana, ndipo kwa okalamba kuwamwa miyezi yambiri kumatha kubweretsa kunjenjemera ndi kuuma kwa thupi. M'makomo ambiri muli agogo amene amamwa kapiritsi kotere m'mawa uliwonse chaka chonse chifukwa kanawathandiza kamodzi, ndipo ana awo amawagulira ndi mtima wabwino. Nkhani imeneyi ikafike kwa dokotala. Betahistine, amene madokotala amalembera odwala Ménière kwa nthawi yaitali, ndi wosiyana ndi amenewa ndipo amamwedwa monga mwalamulidwira.

Musathire m'khutu mafuta, madzi a zitsamba kapena china chilichonse, ndipo musatokose ndi machesi kapena thonje la pakamtengo. Malo amene pali vuto ali kuseri kwa nembanemba kumene zothirazo sizifika, ndipo ngati nembanembayo inabooka kale mungowonjezera matenda.

Chachisanu ndi chiwiri, phunzitsani ubongo poyendetsa mutu

Ichi n'chimene anthu amachikana kwambiri, chifukwa nzeru ya thupi imauza wodwala kuti aumitse khosi ndipo asatembenuke. Pambuyo pa kutupa kwa mtsempha wa m'khutu, khutu lija mwina silibwerera mwakale, komabe ubongo umatha kuzolowera uthenga watsopano n'kumadalira kwambiri khutu linalo, maso ndi mapazi. Umazolowera pokhapokha mutu ukamayenda. Madokotala awiri a ku London, Cawthorne ndi Cooksey, anakonza mafizo a mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1940, ndipo maziko ake akugwirabe ntchito. Chifundo cha pabanja chakuti amayi agone, ana achita zonse, n'choyenera m'masiku awiri kapena atatu oyamba, koma chikapitirira masabata chimachedwetsa kuchira.

Kusanza kukasiya, yambani muli chikhalire. Lembani chilembo chimodzi chachikulu pakapepala n'kukamata pakhoma molingana ndi maso, kutalika kwa mkono umodzi kuchokera pamene mwakhala. Yang'anitsitsani chilembocho uku mukutembenuza mutu kumanja ndi kumanzere ngati mukukana, pa liwiro limene chilembo chikuonekabe bwino. Yambani ndi masekondi ochepa, muziwonjezera mpaka mphindi imodzi, kenako chitaninso mukugwedezera mutu mmwamba ndi pansi ngati mukuvomera. Chitani zimenezi katatu kapena kupitirira patsiku. Zikayamba kuphweka chitani mutaimirira, kenako mutaphatikiza mapazi. Poimirira sankhani pakona ya chipinda, makoma ali kumbuyo ndi mpando wolimba uli kutsogolo, kuti mukapendama mupeze pogwira. Pakona pomwepo yesani kuima mutatsinzina kwa masekondi angapo. Pambuyo pake yendani m'mbali mwa khoma la nyumba mukuyang'ana uku ndi uku, ndipo tsiku lililonse tulukani panja muyende mtunda umene mungathe, poyamba ndi mnzanu.

Muyeso wake ndi uwu. Mafizowa ayenera kudzutsa chizungulire pang'ono chimene chikutha mukapuma kwa mphindi zingapo. Ngati simukumva kalikonse ndiye kuti akuphweka kwambiri, ndipo ngati mwagona nacho mpaka madzulo ndiye kuti mwapitirira, mawa muchepetse koma musasiye. Ena amapeza bwino m'masabata ochepa, ena m'miyezi iwiri kapena itatu. Ngati mungathe, pemphani kalata yokaonana ndi a mafizo kuchipatala chachikulu kuti akukonzereni ndondomeko yoyenera inuyo.

Chachisanu ndi chitatu, konzani pakhomo

Munthu wa khutu lofooka amayenda ndi maso, choncho mdani wake wamkulu ndi mdima, ndipo muno magetsi amazima nthawi imene simukuyembekeza. Tochi kapena nyali ya sola izikhala pamalo amodzi pafupi ndi mtsamiro, yotchajidwa, ndipo wina aliyense asaichotse. Ngati chimbudzi chili panja, chotsani njerwa, mapaipi ndi zidebe panjira yake kusanade, ndipo kwa okalamba si manyazi kukhala ndi chidebe chovundikira m'chipinda usiku. Podzuka khalani kaye m'mphepete mwa bedi mapazi ali pansi, muwerenge mpaka 30, kenako muimirire mutagwira khoma.

Kubafa n'kumene kumagwetsa ambiri, chifukwa pansi pamaterera, munthu amawerama, ndipo amatsinzina sopo akafika kumaso, zinthu zitatu zoipa nthawi imodzi. Sambani mutakhala pakampando, beseni lili pamalo okwera, ndipo musakhome chitseko. Kukhitchini tsitsani mapoto, shuga ndi ufa kuti zikhale pakati pa chiuno ndi mapewa. Chitofu cha gasi kapena cha palafini chikhale patebulo lolimba osati pansi, ndipo poto wa madzi owira anyamule wina. Chingwe choyanikira zovala chitsitsidwe kuti musamakweze mutu. Potola chinthu pansi pindani mawondo mutu uli woongoka. Kumjigo tengani zigubu pawilibala m'malo mosenza pamutu mpaka mutachira. Ku saluni, kumene amagoneka mutu chagada pabeseni, ndi kwa dokotala wa mano, nenani za vuto lanu musanakhale pampando kuti akutsitseni pang'onopang'ono. Nsapato zikhale zafulati zogwira phazi lonse, osati masilipasi.

Chachisanu ndi chinayi, zakudya

Gawo ili likukhudza makamaka a Ménière ndi a mutu waching'alang'ala, pakuti BPPV siichira ndi zakudya. Odwala Ménière amalangizidwa kuchepetsa mchere, ndipo ngakhale si onse amene amaona kusintha, palibe chimene amataya popeza BP nayo imapindula. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni imodzi ya tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'zakudya. Mchere wambiri sumachokera m'kabotolo ka patebulo kokha. Uli mu kapenta ndi nsomba zina zouma zothira mchere, mu supu wa m'mapaketi ndi timakyubu tokometsera ndiwo, mu polony, masoseji ndi tchipisi ta m'mapaketi. Soda amene timathira mu therere nayenso ali ndi sodium yemweyo amene ali mu mchere. Viikani nsomba zouma m'madzi n'kutaya madziwo musanaphike, ndipo ndiwo za wodwala zipatulidwe mchere usanathiridwe wa banja lonse. Idyani pa nthawi yake osadumpha chakudya, imwani madzi mokwanira tsiku lonse, ndipo chepetsani mowa, khofi ndi fodya. A mutu waching'alang'ala ayang'ane m'kope lawo, chifukwa nthawi zambiri muonekera kuti chizungulire chimatsatira usiku wosagona, njala kapena nkhawa. Amene amasala kudya, kaya mwezi wa Ramadan kapena kutchalitchi, akambirane ndi dokotala za nthawi yomwera mankhwala ndipo amwe madzi okwanira m'maola ololedwa.

Chakhumi, ntchito, mapemphero ndi maulendo

Amisiri omanga, okhoma madenga, openta ndi ogwira ntchito m'minda ya mabwana amene amasadza mitengo asakwere makwerero mpaka dokotala atavomera. Oyendetsa makombi ndi malole, ndi onse amene chizungulire chawo chimabwera mosachenjeza monga a Ménière, asakhale pachiwongolero mpaka matendawo atakhazikika, chifukwa apa moyo umene uli pachiswe si wawo wokha. Pemphani kalata ya kuchipatala yopita kwa abwana yonena ntchito zimene simungachite pakali pano, pakuti matendawa saoneka ndi maso ndipo munthu wodzandira m'mawa anthu amafulumira kumunena kuti walawa. Pa mapemphero amene amafuna kuwerama mpaka mphumi kufika pansi kapena kugwada nthawi yaitali, pempherani mutakhala pampando kwa masiku amenewa, ndipo atsogoleri a mzikiti kapena a mpingo akafotokozeredwa amamvetsa.

Ena timiyala titabwerera kale kapena mtsempha utachira, amapezabe kuti ku Mbare Musika kapena pamalo okwerera makombi ku Copacabana mutu umayamba kuyandama chifukwa cha piringupiringu wa anthu, magalimoto ndi mitundu ya katundu. Apa maso ndi amene akulemedwa, ndipo mantha akuti ndigwa amawonjezera. Kuthawa malo otere kumakulitsa vutolo. Pitani m'mawa anthu asanachuluke, ndi mnzanu, kwa mphindi zochepa, muziima n'kuyang'ana chinthu chimodzi chosasuntha mutu ukayamba, ndipo muziwonjezera nthawi sabata ndi sabata. Nkhawa ikafika pokutsekerani m'nyumba kapena kukusowetsani tulo, uzani namwino. Muno mu Harare muli ndondomeko ya Friendship Bench, imene inayambira ku Mbare ndi dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda, yomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi pamakiliniki n'kumakambirana ndi anthu olemedwa m'maganizo.

Mu kombi pemphani mpando wakutsogolo kapena wa pawindo, yang'anani patali kutsogolo, ndipo foni ikhale m'thumba. Potsika dikirani galimoto iime ndithu, pondani pansi mutagwira chitseko, ndipo musawoloke msewu nthawi yomweyo, popeza kuwoloka kumafuna kutembenuza mutu uku ndi uku mofulumira. Pa ulendo wautali wopita kumudzi kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, gonani mokwanira usiku wake, idyani chakudya chopepuka, ndipo funsani dokotala ngati mungamwe piritsi limodzi loletsa nseru musananyamuke. Mankhwala, kope lija, tochi ndi botolo la madzi zikhale m'chikwama cha m'manja osati mu katundu wa pansi pa basi, chifukwa pachipata cha dziko mudzatsika ndi kuima pamzere, mwina kunja kutada.

BPPV imabwereranso kwa anthu ambiri pakapita miyezi kapena zaka. Ikakupezani muli kumudzi kapena muno, ndipo chizungulire chake n'chofanana ndi chakale, cha masekondi ochepa potembenukira mbali yomweyo popanda chizindikiro china, mungachite njira ya Epley monga munaphunzitsidwira. Ngati chasintha mbali, chatalika, chabwera ndi kugontha kapena ndi chimodzi mwa zizindikiro za m'gawo lachiwiri, pitani kuchipatala chimene chili pafupi mutanyamula kope lanu.